Tsiku Limene Nthengu Anatseka Mlomo

Padangotero. Amene muli nane vomerani, amene mukusinza sinzani, koma ine sindibwereza. Kalekale, nkhanga zisanadziwe kulira kwa mfuti, panali mudzi wa nkhanga. Mfumu yake inali mayi wonenepa dzina lake Chimawanga, wokonda ngumbi ndi tulo ta masana, wodana ndi milandu. Ntchito zonse anazisiya m'manja mwa nduna yake, Mkokomo, mwamuna wa mawu aakulu amene akayamba kuyankhula ankatsinzina kuti adzimve bwino yekha.

Nkhanga, monga mukudziwa, zimayenda m'udzu wautali momwe wina saona mnzake, choncho zimadziwana ndi mawu. M'mawa uliwonse zikatsika mumtengo, nduna inkaitana aliyense ndi dzina, ndipo mwini dzinalo ankayankha ndi mfuu ya mtundu wawo. Mfuuyo inali ya mawu awiri, loyamba lalifupi lotsekera kukhosi, lachiwiri lalitali lotseguka. Wosayankha ankamuyesa kuti vumbwe wamutenga, ndipo ankamuimbira nyimbo ya maliro. Koma sankaimba yonse tsiku limodzi. M'mawa woyamba ankaimba mutu wa nyimboyo, wachiwiri thunthu lake, wachitatu mchira. Mchira ukaimbidwa, basi, munthuyo wafa. Ngakhale atulukire madzulo ake akuyenda ndi miyendo yake, palibe womuyang'ana, palibe wodya naye, palibe womusunthira panthambi. Wakufa sagona mumtengo wa amoyo, ndipo nkhanga yogona pansi yokha sichedwa kukhala ndiwo za vumbwe.

Makolo amene anaika mwambowu anali achifundo, ankafuna kupatsa wosochera nthawi yoti abwerere. Koma mwambo ukagwera m'manja mwa munthu wokonda mawu ake, chifundo chimatuluka n'kutsala lamulo lokhalokha.

Mkokomo anali ndi mlongo wake, Nangondo, woswedwa naye m'chisa chimodzi. Chaka china njoka inamumwera Nangondoyo mazira onse. Akadali pachisoni, anapeza kamwana ka mbalame katagwa m'chisa, kakuda bii, kopanda nthenga, kakamwa kokhakokha. Anakafungatira ndi phiko lake. Mudzi wonse unamuseka, mlongo wakeyo ndiye anatsogolera kuseka, koma Nangondo sanatseke phiko. Kamwanako kanakula, ndiye Nthengu ameneyu.

Mwanayo anali ndi pakamwa poopsa. Ankalira ngati khwangwala, ngati chule, ngati galu wa alenje. Ankati akafuna chiwala chimene wina wagwira, amangolira ngati mphamba ali pamwamba, mwini chiwala n'kuthawa, iye n'kutola. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinamukanika, kusangalatsa amayi ake ndi mfuu ya nkhanga. Nangondo ankamuimika tsiku ndi tsiku n'kumati, "Yamba." Mwanayo akalakwa, Nangondo ankapalasa pansi kawiri, akakhoza anayenera kupalasa kamodzi. Kamodziko Nthengu anakula osakaona.

"Amayi, mudzi wonse umati ndimakhoza," ankadandaula motero.

"Mudzi wonse suli mayi wako," Nangondo ankayankha. "Ukuyambira kumlomo. Yambanso."

Tsiku lina akutola mapira, Nangondo analowetsa mutu m'khwekhwe, msampha uja wa chingwe umene umathina pakhosi. Nthengu anajompha chingwecho mpaka mlomo wake unatuluka magazi, chingwe n'kuduka. Nangondo anadzuka, anakutumula mapiko, anatsegula mlomo kuti athokoze. Munangotuluka mpweya. Anayesanso. Mpweya wokhawokha. Moyo unatsala, koma mawu anapita ndi chingwe chija.

Nthengu anathamangira kwa nduna.

"Atsibweni, amayi avulala pakhosi. Mawa musawaitane."

"Ndani mtsibweni wako, iwe wakuda ngati khala?" anatero Mkokomo. "Aliyense amaitanidwa. Wathu amadziwika ndi pakamwa."

"Koma mukuwaona ndi maso anu. Ndi mlongo wanu."

"Maso ndiye chiyani? M'udzu mulibe maso. Akayankha ndi mlongo wanga. Akapanda kuyankha, nyimbo ilipo."

Ameneyotu anali nkhoswe ya Nangondo, munthu woyenera kumuimirira pa mlandu uliwonse. Ine nkhani imeneyi ikafika apa mtima umandiwira.

Nthengu sanalire. Anabwerera kwa amayi ake mchira uli m'mwamba. "Amayi, mawa inu mudzangotsegula mlomo. Zinazo mundisiyire ine." Nangondo anamuyang'ana cham'mbali, monga ankachitira mwanayo akabwera ndi chiwala chakuba.

Kutacha, Nthengu anabisala m'masamba pamwamba penipeni pa amayi ake. Mkokomo anatsinzina, anaitana uyu, anaitana uyo, kenako anati, "Nangondo!"

Nangondo anatsegula mlomo, ndipo Nthengu anaponya mfuu m'mawu enieni a amayi ake. Amayi a m'mudzi anausa moyo, ena anati, "Wachira, wachira." Mkokomo anali atayamba kale kutchula dzina lotsatira.

Pamenepo panamveka: pala, pala.

Nangondo anali atapalasa pansi kawiri. Anakweza mutu, n'kuyang'ana m'masamba muja ndi diso lake la uphunzitsi. Maso a mudzi wonse anatsatira diso limenelo, n'kupeza kamchira kamphanda kakulendewera.

"Chinyengo!" anakuwa Mkokomo. "Nangondo sanayankhe. Imbani!"

Nkhanga zinaimba mutu wa nyimbo ya maliro, mitu ili zyoli, Nangondo ataima pakati pawo n'kumazimva. Nthengu anatuluka m'masamba, anatera panthambi yoonekera, n'kuyamba yakeyake pamwamba pa yawoyo. Inali nyimbo yofulumira, yonyoza, yoti munthu n'kuvina. Inkafunsa kuti ndani anaonapo maliro akudya mapira, ndipo pomaliza pa ndime iliyonse inkabwerera ku funso limodzi, loti chiyankhulo chimagona kuti, pakamwa kapena m'khutu. Tiana ta nkhanga tinayamba kugwedeza mitu kufuna kuvomera, amayi awo n'kutijompha.

Masana ake Nangondo anakagona pafumbi payekha, poti anzake anali atayamba kale kumutalikira. Nthengu anafika atakwiya, nthenga zili nyankhalala.

"Amayi, mwachitiranji zimenezi? Zinali zitatheka! Palibe anazindikira! Inu mukufuna kufa chifukwa cha kamawu kamodzi kamene palibe wina aliyense amakamva?"

Nangondo anangomuyang'ana.

"Ngakhale lero lokha simukanapirira? Phazi lanulo simukanaligwira?"

Nangondo anayang'ana phazi lake ngati kuti ndi la munthu wina. Kenako anaimitsa khosi, n'kumuyang'ananso mwanayo osaphethira. Nthengu anamvetsa. Mayi ameneyu sakanalola kukhala m'mudzi ndi pakamwa pobwereka, makamaka pakamwa polakwitsa.

Ali chikhalire, kutali kunamveka mtsikana wina wa nkhanga akuitana anzake. Nthengu anaona chinthu chimene anali asanachionepo, ngakhale anakulira pansi pa phiko limenelo. Khosi la amayi ake linkayenda. Mtsikana uja akatseka mawu, khosi la Nangondo linkatseka. Akatsegula, linkatsegula. Panalibe phokoso ngakhale pang'ono, koma khosilo linkanena mfuu yonse pamodzi ndi mwini wake, kuyambira pansi pachifuwa kukwera m'mwamba.

Nthengu anayesa. Analira mfuu ija pang'onopang'ono, maso ali pakhosi la amayi ake. Khosilo linayamba pachifuwa monga mwa nthawi zonse, koma mawu a Nthengu anali atadumpha kale kukafika kumlomo. Khosi linaima panjira ngati munthu amene mnzake wamusiya pamphambano. Phazi linatsika. Pala, pala.

"Ohoo," anatero Nthengu. "Ndiye mumamva ndi khosi. Chingwe chija chinatenga phokoso lokha, njira yake chinaisiya."

Kenako anaseka yekha, ndipo Nthengu akaseka yekha wina amalira.

M'mawa wachiwiri sanabisale. Anatera panthambi yapoyera, pamaso pa aliyense. Mkokomo anamuona, anamunyogodola, anatsinzina, n'kuyamba kuitana. Atatchula dzina loyamba, mwini dzina asanakoke mpweya, Nthengu anali atayankha kale m'mawu a munthuyo. Dzina lachiwiri chimodzimodzi. Anayankha monjenjemera m'malo mwa nkhalamba, mopyapyala m'malo mwa anamwali, mwaulesi m'malo mwa Mfumu yomwe. Eni mawuwo anangoima kukamwa yasa, wina kuyang'ana mnzake. Dzina la Nangondo lokha ndilo analisiya lopanda yankho. Koma pa yankho lililonse la Nthengu, Nangondo ankapalasa kawiri, mpaka anakumba dzenje loti n'kuikiramo mazira.

Mkokomo anatsegula maso mokhutira. "Onse alipo, kupatula Nangondo."

Tiana tija tinalephera kupirira. Tinaseka mpaka kugubuduka.

"Atsibweni," anatero Nthengu, "mwaitana mudzi wonse, wayankha ndine ndekha. Ndiye mwa lamulo lanu mudzi wonse ndine. Ngumbi za lero ndi zanga, ndipo onsewa muwaimbire mutu wa nyimbo, poti palibe watsegula pakamwa."

"Wabodza iwe!"

"Afunseni."

Mkokomo anayang'ana anthu ake, anthu ake anayang'ana pansi. Mphuno zake zofiira zinachita kuderako ndi manyazi. Koma munthu wotere akachita manyazi sabwerera, amakankhira patsogolo. Analamula kuti aimbe thunthu la nyimbo ya Nangondo, ndipo anaimba, ngakhale mawu anali ofooka. Nthengu anabwerezanso yake ija, ya maliro odya mapira ndi funso la pakamwa ndi khutu. Ulendo uno tiana tinavomera poyera, ndipo amayi ena anaiwala kutijompha.

Phokosolo linadzutsa Mfumu Chimawanga, imene inali kusinza patsinde.

"Kodi mlandu umenewu sungathe msanga? Ngumbi zikuuluka."

"Utha mawa, Mfumu," anatero Nthengu atatsitsa mapiko mwaulemu. "A Nduna akuti wathu amadziwika ndi pakamwa. Pakamwa ndili napo ine, koma sindine wanu. Amayi alibe, koma ndi anu. Ndiye tiyese. Banja lililonse litumize munthu mmodzi kuseri kwa chulu, inenso ndipite komweko, inunso Mfumu mukakhale mboni n'kumaloza woti alire. Kuno kutsale a Nduna ndi amayi. Mfuu ikamveka, a Nduna anene ngati ndi ya wathu kapena ya mlendo. Amayi adzanena ndi miyendo: akakhala wanu apite kwa abale ake, akakhala mlendo apalase kawiri."

"Nangondo akaphonya kamodzi kokha, mchira uimbidwa pomwepo," anatero Mkokomo.

"Ndavomera. Koma chinthu chimodzi ndikupempha, atsibweni. Mukandigwira, mundithamangitse ndi miyala, mundizule nthenga, koma nyimbo yanu ija musandiimbire. Ndimaiopa ine. Ikangoyamba, m'mimba mumandipota."

Maso a Mkokomo anawala. "Imvani nonse! Mawu amene ine ndidzati ndi achilendo, mwini wake tidzamuimbira nyimbo yonse tsiku lomwelo, mutu, thunthu ndi mchira. Asadzaterenso panthambi ya mudzi uno."

"Mayo ine, atsibweni, chifundo!"

"Ndanena ndanena."

"Mfumu, mwamva?" anafunsa Nthengu ndi mawu olira.

"Ndamva, ndamva," inatero Mfumu. "Tiyeni ku ngumbi."

M'mawa wachitatu, banja lililonse linatulutsa munthu wake. Banja la Mkokomo linatumiza mwana wake wamkazi, Tinyade, namwali amene bambo wake ankamunyadira kuti ali ndi mfuu yokoma kuposa onse. Popita kuchulu, Nthengu anauluka mozungulira mutu wa nduna akudzitama mokweza.

"Dzulo munandimva, atsibweni! Lero ndiye muona. Ndilira ngati nkhalamba, ndilira ngati namwali, ndilira ngati Mfumu yomwe. Tcherani makutu, ngati muli nawo!"

Atafika kuseri kwa chulu, anapeza kampata pakati pa udzu koti n'kumasuzumira, anakhala pansi, n'kutseka mlomo. Basi. Chenjerero lake lonse linali limenelo. Musaliyese laling'ono. Kwa Nthengu kukhala chete kunali kowawa kuposa njala, ndipo anachita kuponda mlomo wake ndi phazi kuti usatseguke wokha.

Mfumu inaloza mkulu wina wokalamba, a Chiwaula. Mkuluyo analira mfuu yake yonjenjemera ija imene mudzi unakhala ukuimva kuyambira kalekale.

Mkokomo anatsinzina, anapendeketsa mutu. Anakumbukira za dzulo. "Hee! Akunjenjemeretsa dala kuti ndiyese nkhalamba. Mlendo!"

Nangondo sanapalase. Anayenda pang'onopang'ono, khosi likumalizabe mfuu ija mwakachetechete, n'kukaima pambali pa mkazi wa a Chiwaula. Kenako anabwerera pamalo pake.

Mfumu inaloza Tinyade. Namwaliyo anakoka mpweya, n'kulira bwino lomwe monga anaphunzitsidwira.

Mkokomo anazengereza. Mawuwo ankawadziwa, koma dzulonso ankawadziwa, ndipo dzulo anali a Nthengu. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumvetsera mawu ake okha, tsiku lofuna kumva a wina amapeza khutu lilibe pogwira.

"Mwana wanga ndinamuphunzitsa ndekha," anatero. "Sangalire mokoka chonchi. Wakuba mawu ameneyo. Mlendo!"

Nangondo ananyamuka. Sanapite kwa mayi wa mtsikanayo. Anayenda molunjika kwa Mkokomo, n'kuima njo pamaso pake, mlomo pafupi ndi mlomo.

"Choka apa," anatero Mkokomo. "Ukunditchinga."

Nangondo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwerera pamalo pake. Kuseri kwa chulu, Tinyade anali atabisa mutu m'phiko.

Mfumu Chimawanga inaona kuti zinthu zikuchedwa. Inati m'malo moloza wina, ingolira yokha zithe. Inatsokomola, n'kutulutsa mfuu yake yaulesi.

Mkokomo anaseka mpaka kupukusa mutu. "Apa ndiye walephereratu, mwana wa khala! Imeneyo ndi nkhanga? Imeneyo ndi nkhwali yodwala chimfine! Mlendo, mlendo weniweni!"

Nangondo anapita patsinde paja pamene Mfumu inkakhala, n'kugwada pamalo opanda munthu.

Mlandu unali utatha pamenepo. Nthengu akanangokhala chete pang'ono pokha, akanatuluka wopambana. Koma ndakuuzani kale za pakamwa pa mwana ameneyu. Kuyambira tsiku lija anaona khosi la amayi ake likuyenda, chinthu china chinali kumutokosa pachifuwa. Tsopano anali ataidziwa njira. Ankadziwa poyambira, pokwerera, ndi potsekera. Ndipo kamodzi kaja, kupalasa kamodzi kokha kaja, anali asanakaonepo chibadwire.

Phazi linaterereka pamlomo. Nthengu anakoka mpweya mpaka pansi pachifuwa, anatseka kukhosi, n'kutsegula.

Mfuu imene inatuluka inali yoti a Chiwaula anatembenuka kufunafuna nkhanga imene yalira. Mfumu inatong'ola maso. Nthengu mwiniwake anadzidzimuka.

"Ameneyo!" anakuwa Mkokomo akudumpha. "Ameneyo ndiye wathu! Mwamva mmene imalirira nkhanga? Magazi athu enieni amenewo!"

Pamenepo m'pamene Nthengu anazindikira chimene wachita. Anali atakhoza mopitirira. Amayi ake akanyengedwa, akangoyenda kupita ku banja lina lililonse, ndiye kuti aphonya, mchira uimbidwa, ndipo madzulo ano agona pansi. Wowapha adzakhala iyeyo, osati chingwe, osati Mkokomo. Anasuzumira pakampata kaja.

Nangondo anali ataima pamalo pake. Khosi lake linkayenda, kubwereza mfuu ija kuyambira pachifuwa. Linakwera, linatseka, linatsegula, linatsatira mawu aatali aja mpaka kumapeto. Kumapetoko linaima pang'ono.

Phazi linanyamuka. Linakhala m'mwamba.

Pala.

Nthengu anatsinzina. Chinthu chimene anachilakalaka moyo wake wonse chinali chitafika, ndipo iye anali kupemphera kuti chisakhale chimenecho.

Pala.

Palibe mwana amene anakondwerapo ndi kulakwa monga anakondwerera Nthengu tsiku limenelo. Anagwa chagada kuseri kwa chulu, miyendo m'mwamba, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mfumu Chimawanga inatulukira, tulo tonse titathawa. Pambuyo pake panali a Chiwaula, Tinyade akusisima, ndi ena onse.

"A Nduna," inatero Mfumu, "nkhwali yodwala chimfine ija ndine."

Mfumu sinalekere pomwepo.

"Woyamba anali a Chiwaula awa, amene anakuonani mukuswa dzira. Wachiwiri anali mwana wanu. Mwana wakudayu walira kamodzi kokha, komaliza, ndipo inu mwati ndi magazi anu. Nangondo sanaphonye ngakhale mmodzi. Tsono munanena nokha, ine ndinamva. Imbani. Mutu, thunthu ndi mchira. Muyambe ndi ine kapena ndi mwana wanu?"

"Bambo," anatero Tinyade, "simunandidziwe?"

Mkokomo anatsegula mlomo kuti ayankhe. Munangotuluka mpweya. Anayesanso. Mpweya wokhawokha.

"Taonani!" anafuula Nthengu ali pamwamba pa chulu. "A Nduna aitanidwa, sanayankhe! Tiyambe mutu wa nyimbo?" Ndipo anayambitsa yake ija ya funso, ulendo uno mudzi wonse unavomera, akulu ndi ana, mpaka a Chiwaula anavina.

Mfumu inakweza phiko, phokoso linatha. "Mchira wa nyimbo suimbidwa lero, kwa aliyense. Mutu ndi thunthu munaimbira Nangondo zija, amene munaimba mumeze. Kuyambira mawa, a Nduna aziitana poti pakamwa ali napo, koma Nangondo aziima pambali pawo, ndipo wonena kuti wayankhayo ndi wathu akhale iyeyo. Dzina lake likaitanidwa, phazi lake ndilo yankho." Inatembenukira kwa Nthengu. "Iwenso, a Nduna anena pamaso pa onse kuti ndiwe magazi athu. Nthambi ilipo. Uziitanidwa ndi dzina monga nkhanga."

"Zikomo, Mfumu, koma ayi," anatero Nthengu. "Ine sindine nkhanga, ndipo sindikufuna kukhala nkhanga mwa khutu la atsibweni. Khutu limenelo mawa lidzanditcha nkhwali. Amene amadziwa anena kale chimene ndili. Apalasa kawiri."

Mkokomo anasendera kwa mlongo wake mutu uli pansi. "Chemwali," anayamba motero ndi timawu tating'ono. Nangondo sanamuyang'ane n'komwe. Anangopalasa kamodzi chakumbuyo, fumbi n'kumuthira kumaso. Ena amati chinali chikhululuko, poti anapalasa kamodzi. Ine ndimati linali fumbi.

Anthu anayamba kubalalika kupita ku ngumbi. Nthengu anatsika pachulu, n'kuyenda pansi kupita kwa amayi ake, akudzikonza nthenga kuti asaoneke kuti analira.

"Komatu amayi, inunso ndinu ouma mtima. Ngakhale a Chiwaula anatembenuka. Kalakwika n'kati tsopano? Kumapeto kuja? Kakang'ono kaja?"

Nangondo anangomuyang'ana.

"Chabwino. Koma pali china. A Chiwaula atalira munapita kwa akazi awo. Tinyade atalira munapita kwa bambo wake. Mfumu italira munapita patsinde. Ine nditalira mwangoima pomwepa. Zoona, mlendo alibe kwawo koti munthu n'kulozako."

Ananena moseka, koma mawu anamuthera panjira. Pamenepo m'pamene anayang'ana bwino. Kuchokera kuseri kwa chulu ankaona mbali imodzi yokha ya amayi ake. Mbali inayo, phiko linali lotambasuka mpaka pansi, monga imachitira nkhanga poitana mwana wake kuti alowe. Linali lotambasuka kuyambira pamene mfuu ija inamveka, ndipo linali kunjenjemera ndi kutopa, koma Nangondo anali asanalitseke.

Nthengu, wamkulu kale, wa pakamwa poopsa mudzi wonse, anawerama n'kulowa. Kachiwiri tsiku limenelo anatseka mlomo, ndipo ulendo uno sipanafunike kuuponda ndi phazi.

Mpaka lero, mukaona nthengu akulira panthambi ndipo pansi pake nkhanga ikupalasa, musafulumire kunena kuti ikufuna chakudya. Mwana akuyesabe, mayi akukanabe, ndipo palibe amene akuchoka.

Yanga yathera pamenepa. Amene munakwirira mbatata, kaioneni isanasanduke khala.